Nkhope imene imafika mwini wake asanafike

Munthu amene ntchito yake ndi kusankha osewera m'mafilimu ku London kapena ku Los Angeles sayamba ndi kumva mawu a munthu kapena kuona kayendedwe kake. Amayamba ndi nkhope. Akangolengeza kuti akufuna wosewera ngati namwino kapena wapolisi, pakompyuta pake pamadzaza tizithunzi mazanamazana, kalikonse kukula kwake ngati bokosi la machesi, ndipo maso ake amangodutsamo mothamanga. Chithunzi choterechi, chojambulidwa kuchokera m'mapewa kulekeza kumutu, eni ntchitoyi amachitcha headshot. Kwa wachinyamata amene dzina lake silinadziwike, chithunzichi ndiye chimamulankhulira m'chipinda chimene iye sanaitanidwemo.

Mwambowu ndi wakale. Ku London, buku la Spotlight linayamba kusindikiza nkhope za ochita zisudzo mu 1927, ndipo ku Hollywood buku lofanana nalo, Academy Players Directory, linayamba mu 1937. Kwa zaka zambiri muyezo unali umodzi: pepala la mainchesi 8 m'lifupi ndi 10 m'litali, chithunzi chopanda kala, kumbuyo kwake atamatako ndandanda wa masewero amene munthu wachitapo. Zithunzi zakala zinalanda malo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene makamera a dijito anafala. Lero Spotlight ili pa intaneti, ndipo pepala lija lasanduka kachithunzi ka pagalasi la kompyuta kapena foni. Chimene sichinasinthe ndi funso limene wosankhayo amadzifunsa: ndikamuitana munthuyu, kodi amene adzalowe pakhomo ndi yemweyu?

Apa ndi pamene ambiri amaphonya, chifukwa amapita kwa wojambula ndi mtima wa tsiku la ukwati. Amafuna kukongola. Ku Hollywood m'zaka za m'ma 1930, George Hurrell ankajambula akatswiri monga Joan Crawford ndi kuwala kwamphamvu ndi mithunzi yakuya, kenaka timadontho ta pakhungu tinkafufutidwa pa negetivi ndi pensulo mpaka nkhope kusalala kotheratu. Zithunzi zimenezo ndi zaluso kwambiri, ndipo ine ndimazikonda. Koma ntchito yake inali kugulitsa kwa anthu katswiri wodziwika kale. Wongoyamba kumene sakugulitsa ulemerero, akupempha ntchito. Akachotsa chipsera, makwinya a pachipumi kapena gelu la pakati pa mano, wachotsa zinthu zomwezo zimene zikanachititsa wosankha kuima pa iye. Mafilimu safuna okongola okhaokha. Amafuna agogo, akapitawo, amalume ouma mtima, atsikana otopa ndi ntchito, ndipo nkhope yosalazidwa singakhale aliyense wa anthu amenewa.

Kufanana ndi mwini wake ndi poyambira chabe. Chithunzi cha pachiphaso cha unzika chimafanananso ndi mwini wake, komatu palibe angakuitanire kufilimu chifukwa cha icho. Kusiyana kuli m'maso. Zaka pafupifupi 100 zapitazo, wopanga mafilimu wa ku Russia, Lev Kuleshov, anatenga nkhope ya wosewera Ivan Mozzhukhin yosaonetsa kanthu, n'kuilumikiza koyamba ndi mbale ya chakudya, kenaka ndi bokosi la maliro, kenaka ndi mkazi. Oonera anaona njala, chisoni ndi chikhumbo, pamene nkhopeyo inali imodzimodzi. Phunziro limene ine ndimatengapo ndi lakuti woona chithunzi amabwera ndi nkhani yake m'mutu, ndipo amafuna nkhope imene ingainyamule. Wosewera akakwinya nkhope kuti aoneke waukali, kapena akaseka mpaka chibwano chonse pamtunda, watseka khomo: wauza wosankha kuti ndimatha chinthu chimodzi ichi basi. Komanso nkhope yopanda kanthu m'kati, yongodikira kuti kamera ilire, ndi yakufa. Chofunika ndi munthu amene akuganiza chinachake chenicheni pa mphindi imeneyo, ngati wangofunsidwa funso ndipo yankho lili pamilomo. Wojambula wodziwa ntchito sanena kuti “sekani”. Amacheza naye munthu, kumufunsa za kwawo, za amene anamulera, ndipo amadina pamene wojambulidwayo waiwala kuti pali kamera.

Umboni wake tili nawo pafupi. Pamene Rungano Nyoni ankakonza filimu ya I Am Not a Witch ku Zambia, anayesa ana mazanamazana osapeza womukhutiritsa. Mwana amene anadzasewera ngati Shula, Maggie Mulubwa, anapezeka kudzera m'chithunzi chimene anajambulidwa ku Luapula pa nthawi yofufuza malo ojambulirako filimuyo, ndipo anachita kumufunafuna pambuyo pake. Filimuyo inatuluka mu 2017 ndipo inapata mphoto ya BAFTA chaka chotsatira. Mwanayo sanadzikonzere kujambulidwa, sanayese kusangalatsa aliyense. Anangoyang'ana. Amene anaonera filimuyo akudziwa kuti imayenda ndi kuyang'ana komweko, pakuti Shula salankhula zambiri. Mwayi wotere sugwera aliyense, n'chifukwa chake wosewera ndi wojambula ayenera kuchita mwadala chimene apo chinangochitika chokha.

Ojambula ena ayesa kusandutsa zimenezi kukhala njira yoloweza pamtima. Peter Hurley wa ku New York anatchuka pophunzitsa anthu kukweza pang'ono chikope cha m'munsi kuti aoneke odzidalira. Pali choonadi m'menemo, popeza maso otong'oka amaonetsa mantha. Koma anthu chikwi akatsinzina mofanana, wosankha amaona njira ya wojambula, osati munthu. Ine ndikadakhala wosankha ndikadaima pa amene maso ake ndi akeake.

Za zipangizo sizifuna mawu ambiri. Diso likhale lakuthwa kuposa china chilichonse pachithunzi, ndipo m'disomo muzioneka kadontho ka kuwala, chifukwa popanda iko diso limazima. Kamera italikire. Kafukufuku wa madokotala a ku America wa mu 2018 anaonetsa kuti kudzijambula wekha foni ili masentimita 30 kuchokera kunkhope kumakulitsa mphuno ndi pafupifupi 30 peresenti. Ichi n'chifukwa chake ojambula nkhope amakonda lenzi ya mamilimita 85 kapena kuposerapo, imene imawalola kuima patali koma nkhope n'kudzaza chithunzi. Amene ali ndi foni yokha apatse mnzake, aime mapazi angapo, adzadule chithunzicho pambuyo. Kumbuyo kukhale khoma lopanda zolemba kapena mitengo yosaoneka bwino. Malaya akhale a mtundu umodzi, opanda dzina la timu ya mpira pachifuwa. Magalasi a dzuwa, chipewa, ndolo zikuluzikulu ndi dzanja pachibwano zitsale kunyumba. Ambiri amasunga zithunzi ziwiri, china cha nkhope yodekha cha mafilimu, china chomwetulira cha otsatsa malonda, ndipo tsitsi kapena ndevu zikasintha amajambulitsanso.

Pali nkhani imodzi imene mabuku ambiri a luso limeneli amaidutsa mwachangu, pamene kwa ife ndiyo yaikulu: khungu. Kuyambira zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi lokhala ndi chithunzi cha mkazi wachizungu, lotchedwa Shirley, kuti aziyezera makina awo. Khungu lake ndilo linali muyezo wa mtundu wolondola. Wofufuza wa ku Canada, Lorna Roth, analemba kuti ena mwa amene anakakamiza kampaniyo kukonza filimu yake anali opanga chokoleti ndi mipando ya matabwa, amene ankadandaula kuti mitundu yoderako ya katundu wawo sinkasiyanitsika pazithunzi. Makamera a lero ndi abwino kwambiri kuposa amenewo, koma chizolowezi chinatsala m'manja mwa anthu. Wojambula akaona nkhope yakuda amathamangira fulashi yowomba kumaso, imene imasiya chipumi chikunyezimira ndi masaya otuwa, kenaka pakompyuta amayeretsa khungu poganiza kuti akumuchitira kasitomala zabwino. Mafoni ambiri amachita zomwezo okha, osafunsa.

Khungu lakuda silifuna kuwala kochuluka. Limafuna kuwala kotambalala. Limabweza kuwala, ndipo maonekedwe a tsaya, mphuno ndi chibwano amatuluka chifukwa cha mmene kuwalako kukutsetserekera pankhope. Dzuwa la masana lili pamutu limakumba maenje amdima m'maso. Koma muimikeni munthu yemweyo pakhonde, m'mthunzi, atayang'ana kubwalo kowala, kapena pambali pa windo lalikulu, wina atagwira pepala loyera m'munsi mwa chibwano: mudzaona kufiirira, kuderako ndi kubiriwira kumene fulashi inameza. Amene anaonera filimu ya Moonlight ya Barry Jenkins, ya mu 2016, akudziwa kuchuluka kwa mitundu imene ili pankhope yakuda ikajambulidwa ndi munthu woilemekeza.

Kuyeretsa khungu pachithunzi cha wosewera kumandipweteka pa zifukwa ziwiri. Ndi bodza kwa wosankha, amene adzazindikira wosewerayo akangolowa. Komanso kumamuphunzitsa wachinyamata, asanayambe n'komwe ntchito, kuti nkhope imene anabadwa nayo ndi yofunika kukonza. Pamene Chiwetel Ejiofor ankajambula filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind ku Kasungu, ankafuna anthu amene woonera angakhulupirire kuti ndi a ku Wimbe, kumene nkhani ya filimuyo inachitikira, ndipo aliyense wopanga filimu ya kumudzi kapena ya ku Ndirande adzafuna zomwezo. Choncho wosewera asanalipire, apemphe kuona chithunzicho chisanakhudzidwe, aike mkono wake pambali pa galasi la kompyutayo, ayerekeze mitundu. Chiphuphu chimene chatuluka m'mawa womwewo achotse, poti sabata yamawa kudzakhala kulibe. Mtundu wa khungu, chipsera cha ubwana ndi mphini za kwawo auze wojambula kuti azisiye.