Vesak: Mwambo Wakale M'chovala Chatsopano

Mwezi ukakhala wathunthu mu Meyi, Abuda a ku Sri Lanka, Thailand ndi Myanmar amakumbukira zinthu zitatu tsiku limodzi: kubadwa kwa Siddhartha Gautama ku Lumbini, kuunikiridwa kwake ku Bodh Gaya, ndi imfa yake ku Kushinagar. Amayatsa nyali, napereka maluŵa kukachisi. Maluŵawo pofota amaphunzitsa kuti zonse nzakutha.

Ena amayesa kuti mwambowu sudasinthe chiyambire. Tisavomere msanga. Ku Sri Lanka, boma la Angerezi lidalola tchuthi cha tsikuli mu 1885, Henry Steel Olcott atadandaula, ndipo mbendera ya Abuda idayamba chaka chomwecho. Makadi a mafuno abwino ndi nyimbo za makwaya adatengera ku Khrisimasi ya amishoni amene ankalimbana nawo. Kubwereka kotere sikunyazitsa chikondwererochi, pakuti chipembedzo chamoyo chimaphunzira ngakhale kwa wotsutsana nacho.

Chodetsa nkhaŵa ndi china. Kumasula mbalame ndi chizindikiro cha chifundo, koma amalonda amazitchera dala kuti akagulitse kwa omasulawo, ndipo zambiri zimafera m'zikwere. Chizindikiro chikabala nkhanza imene chinkakana, chatsala nchiyani? Funsoli nlathunso, ife otumikira paguwa.