Tsokonombwe ndi Mawaya a M'mano: Kusanthula Mwambi

"Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha." Mwambiwu uli ndi mawu anayi okha, ndipo akuluakulu amauponya kwa munthu amene ntchito yamukulira, kuti asataye mtima. Pano ndiusanthula ndikuganizira mwana wa sukulu wa ku Mangochi amene adokotala angomuika mawaya owongola mano, aja ambiri amati ma braces, ndipo mawu ake ayamba kumveka achilendo ngakhale m'makutu mwake momwe. Mwana wotere mwambiwu umam'thandiza pawiri: pa katchulidwe kake, komanso pa zimene ukunena.

Tiyambe ndi katchulidwe. Phatikizo loyamba, tso, ndilo limavutitsa kwambiri. Kuti ts amveke, nsonga ya lilime imatseka njira kuseri kwa mano am'mwamba, pafupi ndi usinini, kenaka imatsegula kampata kakang'ono kuti mpweya uthamangire m'mano akutsogolo. Kampatako kakangosintha pang'ono, liwu nalo limasintha. N'chifukwa chake s, z, ts ndi dz ndiwo amayamba kusokonekera munthu akaikidwa mawaya. Tizitsulo tomatidwa pa mano timasintha mmene mpweya umadutsira, ndipo masiku oyamba malovu amachuluka poti m'kamwa simunazolowere chinthu chachilendocho. Mwana akati "tsiku" kapena "usipa" amamva kamluzu, kapena kaphokoso konyowa kamene kale kanalibepo.

Pa ko palibe vuto, chifukwa k amapangidwa kumbuyo kwa lilime kumene mawaya safikako. Vuto limabwerera pa mbwe. Apa milomo iyenera kukumana, kenaka kusongoka, pamene tsopano ili ndi tizitsulo toti ilumphe. M'kati mwa milomo mumakhulika, nthawi zina mumatuluka tizilonda. Ndiye chifukwa adokotala amapereka phula lomata pa kachitsulo kamene kakubaya, n'kulangiza kuchukucha m'kamwa ndi madzi ofunda amchere.

Mu anatha muli h amene m'Chichewa si wokongoletsera. Ndi mpweya umenewu umene umasiyanitsa phala ndi pala. Mwana amene akuopa kuthovulira anzake malovu amaubweza mpweyawo, ndipo anatha amamveka ngati anata. Apa cholakwa si chitsulo ayi, ndi manyazi. Mwambi umathera pa mpha, pamene milomo imatseka kolimba n'kutseguka ndi mpweya wambiri. Choncho mawu anayiwa amadutsa malo onse ofunika: nsonga ya lilime, kumbuyo kwake, milomo ndi mpweya. Wowatchula mofatsa kangapo patsiku ndiye kuti waphunzitsa kamwa lonse.

Tsopano tione tanthauzo. Mwininkhani ndi tsokonombwe, chiwala chachikulu, cholemera thupi, chimene sichiuluka monga dzombe. Makolo sanasankhe mbalame kapena gwape. Anasankha kanthu kamene kalibe chimene anzake ali nacho, kuti womva adziwe kuti mwambiwu ndi wa munthu amene wayamba ulendo ali wochepekedwa. Mwana amene dzulo amawerenga bwino m'kalasi, lero lilime likumulemera, akudziona chimodzimodzi.

Mneni ali m'nthawi yakale. Mwambi sukuti adzatha kapena angathe, ukuti anatha. Nkhani ikusimbidwa ulendo utafika kale kumapeto, ndiye palibe chokayikitsa. Pa nkhani ya mawaya, chitsimikizo chimenechi chili ndi maziko. Kwa anthu ambiri mawu amabwerera m'malo pakapita masiku angapo kapena milungu yochepa, ngakhale mawayawo amakhala m'kamwa chaka ndi theka, zaka ziwiri, kapena kupitirira. Amene amachedwerapo ndi aja aikidwa chida chokhudza kumwamba kwa kamwa, kapena tizitsulo takuseri kwa mano, poti zimenezi zimalanda malo enieni a lilime. Koma nawonso amazolowera.

Mtunda sunapimidwe, ndipo mwambi suutchula kutalika kwake. Aliyense amaikapo wake. M'kamwa, mtundawo ndi waufupi koma wochedwa: dzino limasuntha pafupifupi milimita imodzi pamwezi. Waya akalikankha, fupa la mbali imene dzino likulowera limasungunuka pang'onopang'ono, ndipo kumene lachokako kumamera fupa latsopano. Mawaya a nickel-titanium, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1970, amakondedwa chifukwa amakankha mofatsa koma mosalekeza. Kukoka mwamphamvu kuti zithe msanga kumatha kuwononga mizu ya mano.

Kwa banja la ku Mangochi palinso mtunda wa pamsewu. Thandizo lotere limapezeka kwambiri m'mizinda ikuluikulu, ndipo kuchoka pa boma la Mangochi kukafika ku Blantyre, kudzera ku Liwonde ndi ku Zomba, ndi makilomita pafupifupi 190. Wochokera ku Makanjira kapena ku Monkey Bay amawonjezerapo ena. Ulendowu si wa kamodzi, chifukwa mawaya amafunika kuonedwa ndi kumangidwanso pakatha milungu inayi mpaka isanu ndi itatu. Madokotala a mano m'dziko muno ndi ochepa. Malawi anayamba kuphunzitsa akeake mu 2019 pa College of Medicine, imene tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow kudzera mu MalDent Project, ndipo ndondomeko ya dziko yoona za umoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Kholo limene lalipira mawaya ndi thiransipoti yonseyi ladzimana zambiri, ndipo limamva kuwawa kuona mwana wake atasiya kulankhula.

Mtima wa mwambiwu uli pa mawu omaliza. N' uja ndi "ndi" wofupikitsidwa, wosonyeza njira imene ntchito inachitikira. Kudumpha sikunawerengedwe kuti kunali kangati, ndi ntchito imodzi yobwerezedwa mpaka mtunda kutha. Ndipo pakati pa kudumpha kulikonse pali kutera. Nawo mano amatero: mawaya akamangidwa amapweteka masiku awiri kapena atatu, mwana n'kumadya phala, nthochi, nsima yofewa ndi chambo chophika bwino, kenaka ululu umazilala mpaka ulendo wina. Nzimbe, chimanga chootcha, mtedza wokazinga ndi malambe ayenera kuyamba wazisiya, chifukwa zimagulula tizitsulo n'kubweza ntchito m'mbuyo.

Pa nkhani ya mawu, kudumpha ndi kulankhula kumene. Lilime siliphunzira malo atsopano lili chete. Limayesa, khutu n'kumva kuti sizinamveke bwino, n'kusuntha pang'ono, n'kuyesanso. Mwana amene amawerenga mokweza kwa mphindi zochepa tsiku lililonse, amaimba, amayankha mafunso, amazolowera msanga kuposa amene watseka pakamwa kudikira kuti zikonzeke zokha.

Chimene mwambiwu sunatchule ndi anthu oonerera, ndipo mpamene pagona vuto lalikulu. Ana ambiri a ku Mangochi amakula ndi Chiyao ndi Chichewa. M'Chiyao mulibe z, choncho mwana wa Chiyao amene amatchula bwino "zikomo" ndi "nzeru" anaphunzitsa kale lilime lake liwu latsopano. Wopita ku madrasa amaphunziranso kusiyanitsa malembo a Chiarabu potengera pamene lilime likhudza mano. Luso losintha katchulidwe ali nalo kale. Koma ana omwewa amadziwanso kuwawa kwa kusekedwa chifukwa cha katchulidwe. Akasekedwa kawiri katatu, mwana amayamba kuphimba pakamwa ndi dzanja, amasiya kukweza mkono m'kalasi, ndipo vuto limene likanatha m'milungu iwiri limatenga teremu yonse.

Choncho mwambiwu tisamangouza mwana yekha, ife akuluakulu tili ndi mbali yathu. Aphunzitsi, musam'dumphe mwana wa mawaya pa nthawi yowerenga poganiza kuti mukumuchitira chifundo; m'patseni ndime yake, mudikire amalize, ndipo oseka muwaletse pomwepo. A shehe ndi amwalimu, m'loleni abwereze mofatsa. Makolo, chezani naye madzulo, muonetsetse kuti akutsuka m'mano bwino akatha kudya, ndipo musaphonye tsiku lokaonana ndi adokotala. Mawaya aikidwe ndi dokotala wovomerezeka ndi Medical Council of Malawi, osati wina aliyense wotchipa. Ngati papita mwezi mawu osasintha, kapena waya akubaya tsaya, kauzeni adokotala msanga.