Mawu Akuti "Pakatikati" ndi "Kuposa" m'Phunziro la Masamu

Aphunzitsi ambiri a masamu akaona kuti ophunzira sakumva, amasiya Chingerezi nayamba kufotokoza m'Chichewa. Mchitidwewu sitikuudzudzula ayi. Chotidetsa nkhawa n'chakuti mawu amodzi, akuti "pakatikati", asenzetsedwa katundu woyenera anthu atatu.

Titenge mabanja asanu amene akolola matumba a chimanga 2, 2, 3, 5 ndi 18. Tikaphatikiza tipeza matumba 30, ndipo tikawagawa mofanana banja lililonse lilandira 6. Imeneyi ndiyo mean, yomwe ambiri adaizolowera kuti avereji. Nanga 6 ameneyu ali pakatikati pa chiyani, pomwe mabanja anayi mwa asanuwo sadafikepo n'komwe? Nambala yokhaladi pakati, tikazindandalika kuyambira yaing'ono, ndi 3, ndipo imeneyo ndiyo median. Yopezeka kawirikawiri, mode, ndi 2. Mayankho ndi atatu, koma mwana wauzidwa dzina limodzi. Pa mayeso a MSCE akafunsidwa median iye aphatikiza n'kugawa, nalakwa funso limene akadakhoza. Wagwa ndi chiyankhulo, osati masamu.

Tikuganiza kuti mawu akuti "nambala yapakati" asungidwire median yokha. Avereji, ngakhale ndi mawu obwereka, adakhazikika kale pakamwa pa anthu ndipo amalembeka bwino m'Chichewa, kuwathamangitsa n'kungodzivuta. Mode ingatchedwe "nambala yobwerezedwa kwambiri", dzina lalitali ndithu, koma losasocheretsa.

Pa zizindikiro zoyerekeza kukula kwa nambala, Chichewa sichiperewera konse. Ndife amene timachipeputsa. Ambiri amawerenga x > 18 ndi x ≥ 18 mofanana, kuti "x aposa 18". Kuwerenga kotere kukhoza pa chizindikiro choyamba chokha. Chachiwiricho chiwerengedwe kuti "x sachepera 18", pakuti 18 mwiniyo ali momwemo. Chimodzimodzinso x ≤ 18 ndiye kuti "x sapitirira 18". Mawuwa si achilendo. Malamulo oyendetsera dziko la Malawi a 1994 amapereka ufulu wovota kwa nzika ya zaka zosachepera 18, ndipo aliyense amadziwa kuti amene wakwanitsa zaka 18 ndendende amavota. Mphunzitsi wowerenga kuti "kuposa 18" wamubweza mnyamata ameneyu pamzere, ndipo pa mzere wa nambala wophunzira wake ajambula kabwalo kosadetsa mkati pomwe pamayenera kodetsa.