Dandaulo Lodziwa Mudzi Koma Losadziwa Ofesi

Pali mtundu wa nkhani umene Amalawi timaukonda kuposa nkhani za nduna zotsegulira misonkhano. Ndiwo nkhani za munthu wamba wosimba zimene zikumupweteka kwawo. Zimabwera m'makalata opita ku wailesi, m'mapulogalamu oimba foni m'mawa, ndiponso m'masamba a Chichewa a nyuzipepala. Mu nkhani imodzi yomweyo mumapezeka mjigo wofa, phungu wosaoneka ndi mkamwini wothawa banja. Nkhani zoterezi n'zoyenera kuziunika monga mmene timaunikira buku, pakuti ndizo zikuphunzitsa ana athu kadandaulidwe. Tikaziunika tikupeza chilema chimodzi chachikulu: zikamanena za mnansi zimalasa pamalo penipeni, koma zikafika pa ofesi ya boma zimangoponya mwala m'nyanja.

Chitsanzo chimene ambiri tinakula nacho ndi pulogalamu ya Nkhani Zam'maboma ya pa wailesi ya MBC, imene nkhani zake zambiri zimachokera kwa omvera eni ake. Kutchuka kwake kunafika mpaka kunja, moti katswiri wina wa chikhalidwe cha anthu, Harri Englund, analemba buku lonse lokhudza pulogalamuyi, lomwe linatuluka mu 2011. Iye anaona chinthu chimene omvera ankachidziwa kale: pamene nkhani zikuluzikulu za pa wailesi ya boma zinkatamanda olamula, pulogalamu iyi inkalola mlimi kunena za mfumu yokondera, bwana womana antchito malipiro, kapena mphunzitsi wochimwira mwana wasukulu.

Zimenezi sitingazipeputse. Makolo athu anakhala zaka pafupifupi makumi atatu pansi pa chipani chimodzi, pamene kudandaula pagulu kunkatha kumutengera munthu kundende. Wandakatulo Jack Mapanje anamangidwa mu 1987 ndipo anatuluka mu 1991 osazengedwa mlandu. Ufulu wolankhula zakukhosi, umene uli mu ndime 35 ya Malamulo a dziko lino, unabwera pambuyo pa riferendamu ya 1993. Choncho mayi wa ku Makanjira kapena ku Chipoka akaimba foni ku wailesi n'kunena kuti kuchipatala kulibe mankhwala, akuchita chinthu chimene agogo ake sakanayerekeza. Kudzudzula kwathu sikofuna kutseka pakamwa pamenepa ayi. Tikufuna kuti mawu otulukapo azifika kumene akupita.

Tiyambe ndi mmene nkhani ya m'banja imamangidwira. Kawirikawiri imayamba ndi bambo wina kapena mayi wina wa m'mudzi wakutiwakuti, m'dera la mfumu yaikulu yakutiyakuti, m'boma lakutilakuti. Imatchula tsiku, malo amene anagwidwira, zimene anavala pothawa ndi mawu amene anthu ananena pomuseka. Dzina lokha ndilo limabisidwa. Koma ife amene timakhala m'midzi ya m'mbali mwa nyanja tikudziwa kuti kutchula mudzi n'kutchula munthu. Mudzi wa nyumba makumi asanu sukhala ndi amuna awiri amene anabwera kuchokera ku Joni mwezi watha, kapena amayi awiri amasiye ogulitsa usipa pa doko limodzi. Womvera wa ku Lilongwe amaseka n'kuiwala. Kumudziko nkhaniyo imatsala, ndipo mawa lake mwana wa munthuyo amakhala m'kalasi pakati pa anzake amene anamva zonse. Wonenedwayo samafunsidwa mbali yake, ndipo madzi akatayika saoleka.

Ngozi imakula nkhani ikakhala ya ufiti. Lamulo la 1911, limene likugwirabe ntchito, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Komabe nkhalamba zakhala zikuphedwa chifukwa cha mphekesera zotere, monga zinachitikira ku Neno mu Januwale 2016, pamene okalamba anayi anaphedwa mtsikana wina atafa ndi mphezi. Sitikunena kuti wailesi ndiyo inapha anthuwo. Tikunena kuti nkhani ya gogo wogwa ndi lichero ikamasimbidwa mokoma ngati nthano yoseketsa, khutu limazolowera kumva mlandu wopanda mboni, ndipo khutu lozolowera silichedwa kutuma dzanja.

Tsopano timvetsere munthu yemweyo akayamba kudandaula za chitukuko. Luso lonse lija limatha. Palibenso tsiku, palibe malo, palibe chiwerengero. Timangomva kuti boma latitaya, andale onse ndi amodzi, ndalama anadya. Mawuwa angakhale oona, koma sagwira munthu aliyense, chifukwa “boma” si khomo limene munthu angagogode. Msewu waukulu ngati wa M5 wodutsa ku Salima ndi ku Nkhotakota uli m'manja mwa bungwe la Roads Authority, pamene timisewu ta m'midzi timayang'aniridwa ndi khonsolo. Madzi a m'mipopi pa boma la Mangochi ndi a Southern Region Water Board, koma mjigo wa m'mudzi uli ndi komiti yake imene imatolera ndalama mwezi ndi mwezi. Kuyambira mu 2017, opanga magetsi ndi a EGENCO pamene ogawa ndi a ESCOM. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuzimazima kunatsatira. Ambiri mwa ife tinkangotukwana dzina limene lili pa mita, osafunsa kuti ntchito yokonza ili ndi yani ndipo itha liti.

N'chifukwa chiyani diso lathu limapenya bwino pansi koma m'mwamba limachita chidima? Chifukwa choyamba ndi mantha akale: mnansi wosauka sangatibwezere, koma mkulu wa ofesi tidzamufuna tsiku lina. Chachiwiri ndi mbiri ya maboma aang'ono. Lamulo lopereka mphamvu ku makhonsolo linakhazikitsidwa mu 1998 ndipo makhansala anasankhidwa mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala lopanda makhansala mpaka chisankho cha 2014. Mbadwo wonse unakula osaona khonsolo ikugwira ntchito mmene lamulo linafunira, n'kuzolowera kuti chilichonse, kuyambira bokosi la maliro mpaka mlatho, n'cha phungu kapena cha mtsogoleri wa dziko. Chachitatu n'chakuti nkhani ya chigololo imasimbika yokha, pamene ya bajeti imafuna kuti munthu ayende, afunse ndi kuwerenga.

Komatu dandaulo lodziwa khomo lake lili ndi mphamvu, ndipo dziko lino linaona umboni wake. Boma linagula mathirakitala 177 ndi ngongole yochokera ku India, ati kuti athandize alimi ang'onoang'ono, koma ambiri anagulitsidwa kwa anthu audindo ndi ena opeza bwino. Madandaulo atafika ku ofesi ya Ombudsman, yomwe panthawiyo inkatsogoleredwa ndi mayi Martha Chizuma, ofesiyo inafufuza n'kutulutsa lipoti mu 2016. Nkhaniyo inakafika ku khoti lalikulu la apilo, limene mu 2019 linagwirizana ndi Ombudsman, ndipo akuluakulu a boma anakakamizidwa kupepesa kwa Amalawi. Ngongoleyo sinafafanizike, koma kwa nthawi yoyamba ambiri tinamva ofesi ya boma ikuvomera kulakwa. Chimene chinasiyanitsa dandaulo limeneli ndi kulira kwathu kwa m'mawa uliwonse n'chakuti linali ndi chinthu chowerengeka, ofesi yodziwika ndi funso loyankhika.

Zida zofunsira zilipo. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga wa m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, lotchedwa CDF, lakhalapo kuyambira mu 2006, ndipo ndalama zake zimadzera ku khonsolo. M'midzi muli makomiti a VDC ndi ADC, ndipo m'madoko muli makomiti a BVC oyang'anira usodzi. Munthu woimba foni ku Dzimwe ku Mangochi kapena ku wailesi ya m'dera la Nkhotakota atanena kuti mjigo wa pa sukulu yakuti unafa mwezi wakuti, mabanja angapo akumwa madzi a m'nyanja, komiti inatolera ndalama zokwana mwakuti, ndipo kalata inapita ku khonsolo tsiku lakuti, ndiye kuti wapereka nkhani imene mtolankhani angaitsatire ndipo mkulu wa ofesi sangaizembe. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, koma ayenera kudziwa chitseko chake.

Izi sizikutanthauza kuti za m'banja zichoke m'madandaulo athu. Banja ndilo sikelo yeniyeni ya ndale. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chiwerengerocho chinamveka bwino pamene mwini boti anawerengera mafuta a injini, alovi atagawana zochepa pambuyo pa usiku wonse wa chilimira, ndiponso pamene mayi anachepetsa shuga wa m'phala. Kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 ndipo anasautsa kwambiri maboma a m'mbali mwa nyanja, analowa m'nyumba kudzera m'madzi ndi m'zimbudzi zimene ofesi inayake inayenera kuziyang'anira. Kusiyana kuli apa: munthu akasimba za nyumba yake, iye ndi mboni, ndipo wasankha yekha chovula ndi chobisa. Akasimba za nyumba ya mnzake, wasanduka wogulitsa manyazi a mwini. Nkhani zabwino kwambiri za mtundu uwu zimene tazimvapo ndi zimene wosimbayo anaika mphika wake womwe pa sikelo, n'kufunsa amene ali ndi udindo kuti ayankhe.

Kwa akonzi ndi oulutsa mawu tili ndi pempho laling'ono. Nkhani ya m'banja ikafika, chotsani mudzi ndi zizindikiro zonse zolozera munthu, ndipo ngati itachotsedwa zimenezo yatsala yopanda phunziro, ndiye kuti inali miseche chabe. Nkhani ya chitukuko ikafika, chitani mosiyana: mufunseni woimbayo dzina la mlatho, mwezi umene unagwa, ndi ofesi imene anakadandaulako, kenako muiimbire ofesiyo omvera akumva, ndipo mubwerezenso nkhaniyo pakatha mwezi. Kwa ife makolo ntchito ndi yomweyo pakhonde madzulo, pakuti mwana amene wamva bambo ake akutchula mnansi ndi dzina koma khonsolo ndi kung'ung'udza adzatengera kadandaulidwe komweko. Chifundo chipite kwa wofooka amene sangayankhe, ndipo mafunso olunjika apite kwa amene amalipidwa ndi msonkho wathu kuti ayankhe.