Ntchito ya Chikhatho pa Gitala Yogoneka

Gitala ya lap steel sayikoleka paphewa. Amayigoneka chagada pantchafu, nsambo zili m'mwamba kutali ndi thabwa, moti palibe chala chingazitsindikire pansi. Dzanja lamanzere limagwira kachitsulo kosalala, kolemera bwino, n'kumakatsetsereza pamwamba pa nsambozo. Lamanja limavala zikhadabo zitatu zoyimbira, china kuchala chachikulu, ziwiri ku chamkombaphala ndi chapakati. Mizere yojambulidwa pathabwa imangolozera maso. Wolamula pamene chitsulo chiime ndi khutu.

Kayimbidweka kanabadwira ku Hawaii, ndipo amene amatchulidwa kuti anakayambitsa ndi Joseph Kekuku, cha m'ma 1889. Gitala yamagetsi yoyamba kugulitsidwa mochuluka, ya Rickenbacker ya mu 1932 imene anthu anaipatsa dzina loti Frying Pan poona kuti ikufanana ndi chiwaya, inali yogoneka yomweyi. Kwathu kuno sikachilendo: akuluakulu amakumbukira gitala ya hauyani ya a Ndiche Mwarare, ndipo a Gasper Nali a ku Nkhata Bay amatsetsereza botolo pa nsambo ya babatoni mpaka lero.

Koma chitsulo chili ndi khalidwe limodzi lovuta: n'chowongoka. Chikasuntha, nsambo zonse zimene chagonera zimasamuka limodzi, mtunda wofanana. Sungauze imodzi kuti ikwere zinzake zitsale. Akatswiri akale anapeza mozembera. Jerry Byrd ankapendeketsa chitsulo kuti nsonga igwere mzere wina, tsinde mzere winanso, ndipo ankachita izi mwaukhondo woti mpaka lero ophunzira amamuyesa muyezo. Ena ankakoka nsambo ndi chala kuseri kwa chitsulo. Zonsezi zimatheka, koma zili ndi malire.

Malirewo anagumuka kumapeto kwa 1953, pamene Bud Isaacs anayimbira Webb Pierce m'nyimbo yotchedwa "Slowly". Gitala yake, yopangidwa ndi Paul Bigsby, inali ndi chopondera chokunga nsambo ziwiri. Zopondera zinalipo kale, koma anthu ankazigwiritsa ntchito posintha machunidwe mwakachetechete. Isaacs anaponda nsambo zikulira, anthu n'kumva mawu awiri akukwera pang'onopang'ono lachitatu lili chiimire. Oyimba a ku Nashville anasowa tulo, ndipo kuchokera pamenepo pedal steel inakula kukhala chimakina chamiyendo inayi, cha nsambo 10 pakhosi limodzi, chodzaza mitengo yachitsulo kunsi, zopondera ndi zokankha ndi mawondo. N'chokoma zedi, koma n'cholemera ndiponso n'chodula.

Ndiye wina akafuna liwu lomwelo pa kagitala kongonyamula kukhwapa, atani? Miyendo yatanganidwa kale, ntchafu zasenza gitala, phazi lili pa chopondera cha voliyumu. Chotsala ndi chikhatho cha dzanja lamanja. Boomer Castleman, woyimba gitala wa ku America, ndiye anatulukira timikono todinikiza ndi chikhatho, kampani ya Bigsby n'kumatipanga. Masiku ano Duesenberg ya ku Hannover imapanga Multibender n'kuyiika pa magitala ake ogoneka monga Fairytale. Palinso Certano ya ku France ndi Hipshot ya ku America.

Kapangidwe kake sikochititsa mantha. Kumbuyo kwa mlatho umene nsambo zimatsamira kuli timikono tiwiri, pena titatu, toloza kumene dzanja limakhala. Mapeto a nsambo amakoledwa kutsinde kwa kamkono. Ukadinikiza, kamkono kamapendama n'kukoka nsamboyo, liwu n'kukwera; ukasiya, kukungika kwa nsambo yomweyo kumakabweza. Pali kasikuluwu kamene kamaletsa kamkono kupitirira, ndipo ndi kameneka kamene amachunira liwu lofikirapo. Basi. Luso lonse latsalira munthu.

Aliyense amene anayimbapo kwaya amva msanga chimene chimachitika. Tengani machunidwe otchuka a D, kuyambira nsambo yaikulu: D, A, D, F#, A, D. Kwa wakwaya ameneyu ndi do, so, do, mi, so, do. Kamkono kamodzi kamakweza mi wa nsambo yachitatu kuti akhale fa. Kena kamakweza so wa nsambo yachiwiri kuti akhale la. Do wapamwamba sasuntha. Mukadinikiza tonse tiwiri, chord ya D yasanduka G chitsulo chili pomwepo. Mukamasula pang'onopang'ono, mwamva "Ameni" wa kumapeto kwa nyimbo ya m'buku, alto ndi tenala akutsetsereka kubwerera kwawo pamene soprano wagwira liwu lake. Kamkono ka la kokha kamapereka B minor, liwu lachisoni lija. Ka fa kokha kamasiya chord ili lende, ikupempha kutera. Ma chord anayi pamzere umodzi, dzanja lamanzere lisanagwire ntchito.

Apa m'pamene ndimavulira chipewa oyimba ogwiritsa ntchito timikonoti. Pa gitala yogoneka chikhatho chinali ndi ntchito kale, ndipo ndi ntchito yotsutsana ndi kudinikiza timikono: kuzimitsa. Popeza palibe chala chochotsa pa nsambo kuti liwu lithe, woyimba amatsitsa mphepete mwa chikhatho kuti liwu lakale life latsopano lisanabadwe, apo ayi nyimbo imasanduka phala. Tsopano mnofu womwewo, mbali ya dzanja imene sitinaiphunzitsepo zinthu zosamalitsa, ukuuzidwa kuti uzizimitsa kutsogolo n'kumakunga kumbuyo, zala zikukodola osaphonya. Ambiri amasamutsira ntchito yozimitsa ku zikhadabo, kuti chikhadabo chibwerere pa nsambo imene chakodola n'kuigwira pakamwa, chikhatho chipeze mpata. Dzanja lonse limayenera kuphunziranso kukhala. Likasendera kutsogolo liwu limafewa koma timikono tatalikira. Likabwerera kumlatho timikono tafika koma liwu lauma. Amisiri amatha nthawi akutembenuza timikono, kutitalikitsa, kutifupikitsa, kufuna pamene dzanja lingagwire zonse osadumpha.

Ndipo nsambo ziwirizi siziyenda ulendo wofanana. Mi kupita ku fa ndi theka la sitepe. So kupita ku la ndi sitepe yathunthu. Kukweza sitepe yathunthu kumawonjezera kukungika kwa nsambo ndi 26 pa 100, theka la sitepe ndi 12 pa 100, kotero kamkono kena n'kolimba kuposa kanzake. Nsambo yokulungidwa, poti mtima wake ndi wowonda, imafuna kukokedwa mtunda wautali kuposa yosalala. Chikhatho chimodzi chiyenera kugawa mphamvu mosiyana kuti mawu awiriwo afike nthawi imodzi, kapena, woyimba akafuna, fa atsogole la n'kubwera pambuyo. Amachita izi pogubuduza dzanja, osati kudinikiza ngati akuphwanya mtedza. Mukamuyang'ana katswiri simuona kanthu. Mkono wangopendekeka pang'ono.

Kumasula n'kovuta kuposa kudinikiza. Podinikiza kasikuluwu kamakugwira, sungapitirire. Pobwerera nsambo imafuna kuthawira kwawo, ndipo wophunzira amangoitaya, liwu n'kugwa ngati lapunthwa. Wodziwa amaiperekeza mpaka pakhomo. Amadziwanso kudinikiza asanakodole, kuti chimene omvera amve chikhale kutsika kokha, kulira kongochokera m'mwamba popanda chenjezo. Phazi nalo limathandiza, likutsegula voliyumu pamene nsambo yayamba kufooka kuti liwu lisazilale ulendo uli pakati.

Zovuta zing'onozing'ono sizisowa. Nsambo zokokedwa kawirikawiri zimaduka pamlatho, n'chifukwa chake amaikapo timagudumu kapena mafuta pang'ono kuti zisamakhulike ndiponso zizibwerera pa liwu lenileni. Gitala yopepuka imavina pantchafu ukadinikiza. Ndipo timikono tiwiri si pedal steel. Amene angaganize choncho akhumudwa. Woyimba wongogula kumene amamveka patali, chifukwa amadinikiza pa liwu lililonse mpaka nyimbo yonse kumangolira maliro. Ine amene amandigwira mtima ndi amene sanataye njira ya Jerry Byrd, amene amapendeketsabe chitsulo pamene pakufunika, n'kusunga chikhatho kuti chilankhule kawiri kapena katatu m'ndime.

Pali kachitidwe kamodzi kamene kamasonyeza ngati manja awiriwa akumvanadi. Woyimba amaika chitsulo pamzere wa 7, n'kukodola nsambo zitatu zam'mwamba. Kenako amabweza chitsulo kupita pamzere wa 5, zimene zimatsitsa zonse ndi sitepe yathunthu, koma nthawi yomweyo chikhatho chikukweza nsambo yachiwiri ndi sitepe yathunthu yomweyo. Liwiro la manja awiriwa likafanana, liwu lapakati silisuntha n'komwe pamene anzake akutsika mbali zonse ziwiri, ndipo A major imasanduka E minor. Dzanja limodzi likangofulumira pang'ono, liwu lapakatilo limagwedezeka, ndipo aliyense m'chipindamo amamva, ngakhale amene sadziwa kuti kuseri kwa dzanja kuli timikono.