Anamunyongeranji Macheath?

Titatha kukolola caka cino, acinyamata a m'mudzi wina kuno kumalire a Angónia anaonetsa sewero pabwalo la sukulu. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa iwo amene amadya za masewero: ena ndi alimi a mbatata ya kacewere, ena ndi ana a sukulu, wina amanyamula anthu panjinga. Aphunzitsi amene amawatsogolera anasankha sewero lakale la nthabwala ndi nyimbo, The Beggar's Opera, kunena kuti sewero loimba la wopemphapempha, nalibweretsa m'Cinyanja. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma ine ndinabwerera kunyumba ndili ndi mlandu ndi mathero ake.

Sewero limeneli analemba ndi John Gay, ndipo linaonetsedwa koyamba ku London mu 1728. Nkhani yake ndi ya Peachum, munthu amene amagula katundu wakuba kwa mbala zake zomwe, ndipo mbala ikasiya kumupindulira amakaipereka kuboma kuti alandire mapaundi 40. Mwana wake Polly akwatiwa mobisa ndi Macheath, mtsogoleri wa acifwamba, amene analonjezanso ukwati kwa Lucy, mwana wa Lockit woyang'anira ndende. Madoda awiriwa, wogula zakuba ndi wosunga makiyi, amadyera mbale imodzi. Anthu a ku London anazindikira msanga kuti Gay akujeda nduna yaikulu ya nthawiyo, Robert Walpole, ndipo sewero lotsatira, lochedwa Polly, boma linaliletsa.

Cimene gululi linacita bwino koposa ndi nyimbo. Gay sanapeke maimbidwe atsopano. Nyimbo 69 za m'sewero lake anazivala mawu atsopano pa maimbidwe amene anthu ankawadziwa kale m'misewu ndi m'mabawa. Acinyamata athu anatsata njira yomweyo. Polly anadandaula pa maimbidwe a pamtondo, musi uli m'manja, ndipo amayi amene anakhala pamphasa analandira nyimboyo asanauzidwe. Polly ndi Lucy atakumana m'ndende, analimbana pa nyimbo ya cintali, Macheath ali pakati ngati mbuzi yomangidwa zingwe ziwiri. Gogo wina kumbuyo anafuula kuti mapanga awiri avumbwitsa, bwalo lonse n'kugwa ndi phwete. Peachum anamusandutsa munthu wa kandonga woolotsa matumba a cimanga ndi feteleza usiku, ndipo palibe anafunsa kuti zimenezi n'zotani. Kusintha kotere sikulakwira mwini sewero. Bertolt Brecht ndi Kurt Weill analisintha ku Berlin mu 1928, Wole Soyinka ku Nigeria mu 1977, ndipo Chico Buarque analipititsa ku Rio de Janeiro mu 1978 m'Cipwitikizi, nalicha Ópera do Malandro.

Zofooka zazing'ono zinalipo. Cimkuzamawu cobwereka cinkameza mawu a oimba, ndipo pamene batire inatha m'pamene tinayamba kumva bwino. Mnyamata wosewera Lockit ankalankhula atafulatira anthu. Izi n'zokonzeka ndi masiku ocepa oyeserera.

Mlandu wanga waukulu ndi uwu. Gay analemba kuti Macheath ali pafupi kunyongedwa, wosewera wina amaimitsa zonse n'kutsutsa wopemphapempha uja, mwini nkhani, kuti sewero loimba silingathe ndi maliro cifukwa oonerera sangakonde. Wopemphapemphayo amavomera, Macheath amamasulidwa popanda cifukwa ciliconse, onse n'kuvina. Koma asanavine, mwini nkhani amatiuza cimene akanaphunzitsa akanaloledwa: kuti osauka ali ndi macimo ofanana ndi a olemera, kusiyana kwake n'kwakuti osauka amalangidwa nawo. Mbola ya sewero lonse ili pamenepo. Timaseka cikhululukiro cabodzaco cifukwa tikudziwa kuti kunja kuno woba nkhuku sacipeza, pamene Peachum safuna n'cikhululukiro comwe popeza palibe womugwira.

Gulu lathu linacotsa zonsezi. Macheath ananyongedwa kuseri kwa citenje, Peachum ndi Lockit anamangidwa ndi wapolisi wolungama amene sitinamuone m'sewero lonse, kenaka mtsikana anabwera kutsogolo n'kutilangiza kuti kuba n'koipa. Anthu anaomba m'manja mwaulemu, monga ticitira msonkhano ukatha.

Ndikudziwa kumene cizolowezi cimeneci cinacokera. Kwa zaka zambiri masewero ambiri amene tinaona m'midzi muno anali a uthenga: kolera, Edzi, katemera, kutumiza atsikana kusukulu. Anathandiza, ndipo sindikuwanyoza. Koma anatiphunzitsa kuti sewero lililonse lizitha ndi munthu woloza cala. Mwinanso aphunzitsi anaopa kuti akulu ena amene anakhala pamipando kutsogolo angadzione mwa Lockit. Mantha amenewo ndi omveka, koma mathero atsopanowa ananena bodza limene wolima aliyense wa kuno angalitsutse. Ndani wa ife anaonapo mwini matumba akugona m'citokosi limodzi ndi mnyamata amene anawanyamula panjinga?

Makolo athu sankaopa nthabwala yosamalizidwa ndi ulaliki. Simoni wa nkhope yofiira akatuluka kudambwe kudzatsanzira mzungu, palibe amene amaima pambuyo pake kumasulira phunziro. Mayi woimba pamtondo sachula dzina la mpongozi, koma mudzi wonse umamva.

Ndamva kuti gululi likufuna kukaonetsanso seweroli kumidzi ya tsidya lina la malire. Pempho langa kwa aphunzitsi ndi ana awo ndi ili: bwezerani cimkuzamawu kwa mwini wake, sungani musi ndi cintali, ndipo mumasuleni Macheath. Peachum atuluke akuwerenga ndalama zake, anthu akakambirane okha m'njira kuti wakuba weniweni anali ndani.