Mlendo Akagona ku Mulanje, Nyumbayo Ikamba za Yani?

Kufupi ndi tauni ya Ubud pachilumba cha Bali, m'dziko la Indonesia, kuli malo ogona alendo otchedwa Hoshinoya Bali, omwe kampani ya ku Japan idatsekula mu 2017. Adamangidwa m'nkhalango, pamwamba pa chigwa cha mtsinje wa Pakerisan. Kamangidwe kake n'Kachijapani, kosachulutsa zokometsera, koma zosemasema ndi madzi oyenda pakati pa nyumbazo zidatengedwa kwa eni nthaka, amene akhala akuthirira mpunga wawo m'ngalande za subak kwa zaka mazanamazana. Ambiri amatama ukwati wa miyambo iwiriwu. Ine ndautchula pofuna kuyesa nawo nyumba zathu za alendo ku Mulanje.

Kamangidwe komwe timakayesa kapamwamba m'bomali kadabwera ndi tiyi. Chidzalire Henry Brown tiyi ku Thornwood mu 1891, mabwana a m'maesiteti adamanga nyumba za khonde lalikulu, denga la malata, chumuni ndi kapinga wometedwa bwino. N'zokongola, sindikana. Koma malo ambiri ogona alendo akungotengera maonekedwe amenewa, ndipo mlendo amachoka atamva mbiri ya bwana yekha. Alomwe amene adawoloka kuchokera ku Mozambique n'kudzakhetsa thukuta la thangata m'minda yomweyo samveka n'komwe. Nyumba yotere imakamba theka la nkhani.

Pamwamba pa phiri pali mtundu wina wa nyumba, monga za ku Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Sombani. Mlendo amasenza chakudya chake, amaphika pamoto wa nkhuni, ndipo akatsegula chitseko amaonana ndi nkhungu. Kwa ine izi ndizo zili pafupi ndi mzimu wa phirili, chifukwa sizilimbana nalo ulemerero. Komabe nazo zili ndi chilonda. Matabwa onunkhira omwe adakometsa nyumba za paphiri ndi a mkungudza, umene udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984. Kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Choncho womanga wa lero amene anganyadire kuti wamanga ndi zipangizo zakwathu, akutanthauza mkungudza, ameneyo akuthandiza kukwirira maliro.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi kusandutsa chikhalidwe kukhala chokometsera. Mu 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse, ndipo chifukwa chake chidali chikhalidwe: Amang'anja, Ayao ndi Alomwe amalitenga ngati mudzi wa mizimu ya makolo. Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, ndi Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula ndi malo okhala ndi miyambo yake. Tchopa, yemwe UNESCO idamuzindikira mu 2014, ndi gule wa pokolola, pobwera kuuzimba ndi popereka nsembe chilala chikavuta. Kumuvinitsa mphindi khumi alendo akudya nyama yootcha, ovinawo n'kupatsidwa ya sopo, n'kuchotsa mtima wa guleyo n'kusiya zikopa ndi nthenga. Ku Bali komwe tikutamako, minda ya mpunga yambiri yamezedwa ndi mahotela, ndipo alimi amalimbirana madzi ndi maiwe osambiramo alendo. Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Sindikunena kuti tisabwereke. Akulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kwa Ajapani tingaphunzire kumanga modzichepetsa, kusiya zenera kuti phiri lidzikambire lokha. Koma kalumo ka mlendo sikasankha mutu woti kamete. Asanayale maziko, womanga ayambe wakhala pansi ndi mafumu ndi akuluakulu odziwa pomwe pamathiridwa nsembe ndi pomwe madzi amadzera mvula ikakwiya. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adationetsa miyala ndi matope zikutsika m'mapiri a Mulanje ndi Phalombe n'kukokolola midzi. Nzeru ya posankha malo si yopepuka. Madenga afoleredwe ndi amisiri a m'midzi yomweyo, nsungwi zilowe m'malo mwa mkungudza, kalongonda akwere patebulo osachita naye manyazi, ndipo anyamata onyamula katundu ndi olondolera alendo akhale ndi gawo pa phindu.

Muyeso wanga wa nyumba yabwino ya alendo ndi umodzi. Mayi wotchola tiyi akadutsa pachipata, aone kena kake komwe angati n'kakwawo, ndipo akafuna kutunga madzi kumtsinje womwe agogo ake ankatunga, asapeze mpanda.